Zaka khumi za Nyozani

Panali munthu wina dzina lake Nyozani, kapitawo pa esiteti ya tiyi. Ataona kuti nthawi yopuma pantchito yayandikira, anakalembetsa chiphaso chatsopano n'kudulapo zaka khumi. Anagwira ntchito zaka khumi zinanso, nyumba n'kufolera malata. Akakhala pabawo ankadzitama kuti pepala ndi chitsiru, limavomera chilichonse.

Kenaka kunabwera makhadi a okalamba. Aliyense wa zaka 65 ankakwera basi ulere popita kuchipatala cha kuboma. Nyozani khadiyo ankaifunitsitsa, chifukwa mwezi uliwonse ankakatenga mankhwala a shuga, ndipo maondo anali atayamba kukana. Anapita kukalembetsa limodzi ndi mng'ono wake Dafuleni.

Dafuleni analandira yake. Itafika nthawi ya Nyozani, kalaliki anayang'ana chiphaso n'kumubwezera.

"Pepani bambo, apa palembedwa 59. Mudzabwere pakatha zaka zisanu ndi chimodzi."

"Mwana wanga, uyu mwamupatsayu ndinkamubereka kumsana ine."

"Ndiye ananama ndani, inu kapena pepalali?"

Nyozani anachita manyazi, anangotola chipewa chake n'kutuluka.

Tsiku la mankhwala litafika, Dafuleni anamupeza pasiteji. Anamumvera chisoni mkulu wake.

"Achimwene, tengani yangayi. Nkhope zathu n'zofanana, ndipo kondakitala sayang'anitsitsa."

Nyozani anailandira. Basi inaima. Pakhomo pake panali gogo wina wosaona bwino, khadi yake ili m'manja, ndipo kondakitala analengeza kuti mpando wa okalamba watsala umodzi. Nyozani anayang'ana khadi, n'kuyang'ana gogoyo. Kenaka anaibweza m'thumba la malaya a mng'ono wake.

"Zaka khumi zija ndinadya kale, Dafuleni. Ndikadyanso lero, ndidya za mayiwa."

Basi inanyamuka. Nyozani anatenga ndodo yake n'kuuyamba wapansi, ndipo kuchipatala anafika dzuwa litapendeka.

Inu mukundimvera, lamulo lija silinamulakwire Nyozani. Linangomubwezera zaka zimene iye mwini analiuza. Ambirife timafuna tikhale anyamata pa tsiku la malipiro, nkhalamba pa tsiku la makhadi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Musanadandaule kuti akumanani, yambani mwakumbukira zimene munalembetsa. Ndipo wina akakupatsani khadi yosakhala yanu, tayang'anani kaye amene waima pakhomo pa basi.