Mpango wa Thukuta la Mvuu

Kalekale, ana inu ndi inu akuluakulu, mitsinje isanayambe kuphwa, kunali Mvuu woyimba. Akati "huuu" padziwe, amayi ankasiya mitondo, makanda n'kuleka kulira. Oyimba otere kulibenso masiku ano.

Nyama zinkamusupa chimanga mpaka nkhokwe yake inadzaza. Mvuu anayamba matama. Ankasamba thobwa. Mpango akapukutira thukuta kamodzi, ankautaya.

Chaka china moto unatentha minda ya tinyama, ana a Mbewa n'kumagona ndi njala. Gologolo, mnansi wawo, anapita kwa Mvuu kukawapemphera chimanga. Mvuu anamuyankha kuti iye ndi wolandira, kupereka n'kwa osatchuka.

Gologolo anatola mpango wotayidwa, n'kuununkhiza. Fuu!

"Achimwene, paja mpango wa a Njovu unagulidwa madengu awiri a chimanga. Koma wanuwu, akuti ngakhale chitsononkho palibe angapereke."

Mvuu anafufuma ndi ukali. Analamula kuti mpangowo ugulitsidwe pabwalo, nyama zonse zikuona. Chimanga chogulira mpangowo Gologolo achite nacho zimene akufuna, iye akungofuna mbiri.

Tsiku linafika. Gologolo anakweza mpango pakamtengo. Bwalo lonse zii. Kenaka Chule, amene anali atapangana ndi Gologolo, anati apereka njere imodzi, poti mwana wake alibe thewera. Nyama zinaseka, kikiki.

Mvuu anazembera kuseri kwa chulu, n'kuchepetsa mawu kuti akweze yekha mtengo osadziwika.

"Dengu."

Chule anawonjezapo njere imodzi.

"Madengu atatu."

Chule njere. Mvuu akakweza, Chule njere. Akakwezanso, Chule njere, uku akufunsa ngati nsaluyo imauma msanga. Mvuu mtima unawira, n'kuiwala kubisa mawu.

"Nkhokwe yonse!"

Dziwe linagwedezeka. Mawu amenewo ndani akanapanda kuwadziwa?

"Agula ndi a Mvuu, atate wa anjala," anatero Gologolo. "Amayi, nthungululu zili kuti?"

Lululu, lululu. Mbewa zinandanda ndi malichero, zikuyimba nyimbo yotamanda Mvuu. Iye anatsegula kukamwa kuti akane. Koma nyimbo yotchula dzina lako, ungaidule bwanji? Anangoima, misozi chuchuchu, chimanga chikupita, n'kuyamba kuvomereza nyimboyo ndi mawu ake okoma aja.

Yathera pamenepa, kaphuleni mbatata isanapserere. Wouma manja musamupemphe, ana inu. Mungomufunsa mtengo wa dzina lake.