Nkhwangwa Imene Sinjani Anapita Nayo ku Chikamwini

Kale, nkhwangwa zisanayambe kugulitsidwa m'masitolo, munthu akafuna chitsulo ankapita kwa wosula. Mwa osula onse a m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, panalibe wofanana ndi a Kalikokha. Munthu akanyamula nkhwangwa yawo paphewa, anzake ankamuimitsa panjira kuti angoigwirako.

A Kalikokha anali ndi mwana wa mlongo wawo dzina lake Sinjani. Iyeyu anakulira kudambo, kumene mitengo ndi yosowa ndipo amayi amaphikira mapesi. Khasu ankalidziwa bwino, koma nkhwangwa anali asanaigwiritsepo ntchito yolemetsa. Atapeza mbeta m'mudzi wina wa kuphiri, mtsikana wofatsa dzina lake Lekeleni, amalume akewo ndiwo anamuimira unkhoswe. Nthawi imeneyo anali atakalamba, manja akunjenjemera, kusula atasiya. Komabe chifukwa cha mnyamatayo anakolezanso moto pachipala, pamalo awo osulira, namusulira nkhwangwa.

"Mphwanga," anatero pomupatsa, "iyi ndi yomaliza. Sindidzasulanso ina."

Sinjani anailandira ndi manja awiri, napita nayo ku chikamwini.

Kumeneko apongozi ake anamulozera thengo loti aswe mphanje mvula isanagwe. M'mawa mwake analawira, mtima uli m'mwamba. Anasankha msuku wocheperapo, naponya nkhwangwa ndi mphamvu zake zonse. Inangoti gu! n'kudumpha. Anaponyanso. Makungwa anaphwanyika, koma chitsulo osalowa. Pamene dzuwa linkapendeka anali atagwetsa timitengo tochepa, tooneka ngati tatafunidwa ndi mbuzi.

Anakhala pachitsa n'kuiyang'anitsitsa nkhwangwa ija. Kodulira kwake kunali kochindikala. "Ukalamba wawalaka amalume," anaganiza. "Manja awo atha, ndipo iwo sakudziwa." Ganizo loikhula pamwala linamubwerera, koma anadzifunsa kuti, "Ndine yani ine wokonza chimene anamaliza kale a Kalikokha?" Ndipo anatsimikiza mumtima kuti pakamwa pake sipadzatuluka mawu onyozetsa nkhalambayo.

Masiku anapita. Akamwini anzake anamaliza kutema, natentha nkhuni zawo, utsi uli tolo m'mapiri. Thengo la Sinjani linali chiimire. M'manja mwake munatuluka matuza, matuza naphulika, nasanduka zilonda. Kuchitsime amayi anayamba kunong'onezana kuti mkamwini wa kudambo uja mphamvu zake zili pambale.

Tsiku lina Lekeleni, akumuthowa m'manja ndi madzi ofunda, anati, "Amuna anga, bwanji osakabwereka nkhwangwa kwa achimwene?"

"Ndikakabwereka adzandifunsa kuti yanga yatani."

"Nanga yatani?"

Sinjani anangoyang'ana kumbali.

Mitambo itayamba kuunjikana kum'mawa, a Dzikolidaya, amalume ake a Lekeleni, anatopa nazo. Anatumiza uthenga kwa a Kalikokha kuti abwere adzatenge munthu wawo. Nkhalamba ija inafika ikutsimphina ndi ndodo, ndipo anthu anasonkhana pabwalo la apongozi dzuwa litangokwera.

"Ife sitidana naye," anayamba a Dzikolidaya. "Ulemu ali nawo, mowa samwa. Koma ulemu sadya. Mvula ili pakhomo, munda palibe. Kodi mwana wathu chaka chino adzatafuna chiyani?"

A Kalikokha anatembenukira kwa Sinjani. "Wamva, mphwanga. Yankha."

"Ndilibe mawu, amalume. Ndalephera ndine."

Apo Lekeleni, amene anakhala kumbuyo ndi amayi ake, anadzuka mosayembekezeka. Anayenda chogwada mpaka pamene panali mwamuna wake, nagwira manja ake, nawatambasula pamaso pa anthu onse.

"Pepani akuluakulu, ndalowerera," anatero. "Koma taonani. Kodi mlesi amakhala ndi manja otere?"

A Kalikokha anayang'ana zilonda zija nthawi yaitali.

"Kanditengereni nkhwangwa yake," anatero.

"Amalume, isiyeni chonde," Sinjani anadandaula. "Nkhwangwa ilibe mlandu."

"Ndati kanditengereni."

Itabwera, a Kalikokha anagogoda mpini pansi mpaka chitsulo chinaguluka. Anachimanga ndi luzi, nachilendewetsa, nachimenya ndi kamwala. Chinalira ngwee, kulira kwake n'kumapitirira.

"Mwamva?" anafunsa anthu aja. "Chitsulo chong'aluka chimalira ngati mphika wosweka. Ichi n'chamoyo." Kenaka anachikweza kudzuwa, natsinzina diso limodzi, nayang'ana ngati kodulira kwake kunali kowongoka. Anagwedeza mutu mokhutira. Koma atapititsapo chala chachikulu, nkhope yawo inasintha.

"Sinjani, chiitengere kwathu kuja, unainolapo?"

"Iyayi, amalume."

"Chifukwa?"

"Ndinkaopa kukhudza ntchito yanu. Itakana kudula, ndinayesa kuti... ndinayesa kuti manja anu anatopa. Sindinafune kuti anthu adziwe."

Nkhalamba ija inapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yake.

"Ndiye unalolera kutchedwa mlesi, ukwati n'kutha, kuti ine ndisasekedwe? Ha, mwana wa mlongo wanga!" Anapumira m'mwamba. "Tamvera. Ine ndikaipyapyalitsa pamoto, tsiku lokumana ndi mtengo wolimba ngati muwanga imabenthuka. N'chifukwa chake ndimaisiya yochindikala, kuti mwini wake akainole molingana ndi dzanja lake ndi mitengo yakwawo. Yanga ntchito imathera pa nyundo. Nkhwangwa sithwera pachipala, mphwanga. Tiye kumtsinje."

Anthu onse anawatsatira. A Kalikokha anasankha mwala wosalala wa m'mphepete mwa madzi, namukhazika Sinjani pamenepo. Lekeleni anamukulunga nsanza m'manja.

"Thira madzi," anatero a Kalikokha. "Goneka chitsulo, usachiimike. Mbali iyi, kenaka inayo, mofanana. Usathamange, mwala sufuna munthu waphuma."

Sinjani anakhula, nakhula, madzi apamwala akuda bii. Dzuwa linafika paliwombo. Nthawi ndi nthawi nkhalamba inkalandira chitsulo, kuchiyesa ndi chala, n'kumubwezera. Potsiriza inachipititsa pamkono pake, ndipo ubweya unayoyoka.

Anabwezera chitsulo mu mpini, nauviika m'madzi kuti mtengo ufufume, ugwire zolimba. Ali mkati modikira a Kalikokha anamulangiza. "Usaigoneke panja pa mame, dzimbiri ndi mfiti ya chitsulo. Ukaweruka uziipukuta, uziidzoza mafuta a nsatsi. Mizu ya m'dothi usateme nayo, muli miyala. Ndipo usadikire kuti ibunthe ndiye uziyamba kufuna mwala."

Pakati pa thengo lija panali muwanga waukulu umene Sinjani ankangouzungulira masiku onsewo. A Kalikokha anauloza ndi ndodo. Sinjani anaima, nayang'ana mkazi wake, naponya. Nkhwangwa inalowa mwakuya, chibenthu chachikulu n'kuulukira kutali. Anaponyanso, china n'kuuluka. Ululu wa m'manja anauiwala. Posapita nthawi mtengo unayamba kulira, unapendekeka, n'kugwa pansi kuti khuu! mbalame zili balala.

Woyamba kululutira anali apongozi ake aakazi, amene chifikire iye pamudzipo ankangomuonera patali monga mwa mwambo. A Dzikolidaya anayandikira, nagwira chitsa chija, nakanda kumutu.

"Tikanataya munthu chifukwa chosafunsa," anatero. "Akazi inu, fululani mowa. Tiitane dima, timuthandize mkamwini wathu mvula isanatipeze."

Munda unatha pa nthawi yake, ndipo Sinjani anakalambira pamudzi pomwepo. Mawu amene a Kalikokha ananena pabwalo paja anthu anapita nawo kwawo, ndipo anafalikira mpaka kukhala mwambi umene tikuudziwa lero: *Nkhwangwa sithwera pachipala.*

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Amene anakusula, kaya ndi kholo, mphunzitsi kapena mmisiri amene anakuphunzitsa ntchito, amakupatsa chitsulo chabwino, koma sangakumalize. Kuthwa kumabwera pambuyo, pamene iwe mwini wayamba kugwira ntchito, kulakwitsa, kufunsa ndi kuyesanso. Choncho ukaona mnzako watsopano pantchito kapena pabanja akulephera, usafulumire kunena kuti ndi wachabechabe, kapena kuti anamuphunzitsa molakwika. Yamba wamugogoda umve kulira kwake. Akalira bwino, mutengere kumwala.