Khutu la Mwandida

Tatsekani makope amenewo, ana inu, mayeso sathawa. Iwe wakumbuyo, chotsa cholembera m'kamwa. Lero ndikuuzani kumene kunachokera mwambi wina umene mumangoutchula ngati nyimbo. Ena adzakuuzani kuti ngwa makolo akalekale, asiyeni anene. Kwathu ku Kampepuza timati unabadwira pabwalo la a Chimbalanga, ndipo ine ndinalipo.

A Chimbalanga anali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pamsika. Sukulu analekezera Sitandade 4, koma mwana wawo wamkazi, Mwandida, anali ndi mutu wakuthwa zedi. Ine ndinkamuphunzitsa masamu pasekondale yoyendera ya pafupi pomwepo, ndipo sindikunama, ndinkati ndikalakwitsa pabolodi, iye ankakhosomola pang'ono kuti ndidzikonze ndekha. Mtima wake wonse unali pa chinthu chimodzi: kupita ku yunivesite kukaphunzira zomanga milatho. Ankati watopa n'kuona amayi akukwinya zitenje powoloka mtsinje nthawi ya dzinja.

Zotsatira za mayeso a Folomu 4 zitatuluka, Mwandida anathamangira kwawo kapepala kali m'manja. Masamu wani. Fizikisi wani. Kwina thuu, kwina fili. Atawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene anakhoza koposa, anapeza mapointi khumi ndi awiri. Paja mukudziwa kuti pa mayeso amenewa mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri, ndipo pasukulu pathu zoterezi zinali zisanachitikepo.

Koma pamzere wa Chingerezi panali seveni.

Mvetsetsani apa. Seveni ndi kukhoza ndithu, satifiketi umalandira. Koma a ku yunivesite safuna kukhoza wamba. Amafuna makirediti asanu ndi imodzi, ndiye kuti kuyambira wani kulekezera sikisi, ndipo Chingerezi chikhale m'gulu lomwelo. Popanda icho fomu yako imaikidwa pambali, ngakhale masamu utakhoza chotani. Mwandida sankadziwa zimenezi. Akanadziwira kuti? Pasukulu pathu panali pasanatuluke mwana wopita ku yunivesite, choncho ife aphunzitsi nkhani zake sitinkazikamba n'komwe.

Mankhwala analipo: kulembanso Chingerezicho chaka chotsatira. Koma kulembetsa mayina a obwereza kunkatsekedwa Lachisanu la sabata yotsatira, pamene mayina a osankhidwa ku yunivesite ankatuluka patapita miyezi yambiri. Akanangokhala n'kumadikira, akanataya zaka ziwiri. Ndipo mtsikana akakhala pakhomo zaka ziwiri kumudzi, inunso mukudziwa, ankhoswe a anthu amayamba kugogoda.

Loweruka a Chimbalanga anapha mbuzi. Amayi ake a Mwandida anaphika thobwa lodzaza migolo iwiri, mpunga ukununkhira mpaka kumsewu. Ine anandikhazika pampando wa ndalema pakhonde, nandipatsa chiwindi chowotcha, chija amapatsa mlendo wolemekezeka.

"Awa ndi aphunzitsi amene atulutsa injiniya m'nyumba ya wokhoma ndowa!" ankatero a Chimbalanga kwa aliyense wofika, maso ali ndi misozi.

Kenaka kapepala kaja kanayamba kuyenda m'manja mwa anthu. Katafika kwa ine, ndinamuona seveni uja. Ndinayang'ana a Chimbalanga akuseka, ndinayang'ana Mwandida akuvina pakati pa anzake atavala diresi yatsopano, ndinayang'ana chiwindi m'mbale yanga. Ndinadziuza kuti ndidzawauza Lolemba, mwakachetechete. Koma ndimaudziwa mtima wanga, ana inu. Lolembalo likanasanduka Lachitatu, Lachitatu n'kusanduka Loweruka. Ndinapereka kapepalako kwa mlembi wina wa ku boma amene anakhala pambali panga. Nayenso anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kukapereka kwa wina. Kwathu kuno wolankhula zowawa pa chisangalalo amatchedwa wansanje, mwinanso mfiti, ndipo tonse awiri tinkaopa dzina limenelo.

Tsono kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi wina wamasiye, a Nasibeko, wogulitsa tomato. Iwo sanaitanidwe. Panali patatha zaka ziwiri osapatsana moni ndi banja la a Chimbalanga chifukwa cha nkhuku zimene zinapalasa nazale yawo. Anali mayi wa pakamwa powawa, ndipo ana ankathawa akamva kutsokomola kwawo. Azimayi ena ofuna kuwapsetsa mtima anatenga kapepala kaja n'kukawaonetsa pamwamba pa mpanda.

"Taonani, a Nasibeko, ana a anzanu mmene akhozera!"

A Nasibeko anapukuta manja pachitenje, nakalandira. Kuwerenga ankadziwa pang'ono chabe. Sanayang'ane masamu, sanayang'ane china chilichonse. Anangofunsa kuti, "Chingerezi chili pati?" Atawalozera, anamuona seveni uja. Kenaka anamanga chitenje mwamphamvu, nazungulira mpanda, nalowa pabwalo pamene anali asanapondepo zaka ziwiri.

Anadutsa pakati pa ovina osapereka moni. Anafika pamene panali Mwandida, namugwira khutu, kulitsina ndithu ndi zikhadabo, n'kumukoka ngati kamwana koba shuga mpaka pakhonde pamene ndinakhala ine. Wailesi inazimitsidwa.

"Mayo! Mwana wanga!" anakuwa amayi ake a Mwandida. "Mfiti iwe, nsanje yakufikitsa pamenepa?"

A Chimbalanga anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. "Mayi, musiyeni mwanayo musanaone zina!"

"Mundimenye, bambo, thupi ndi ili," anayankha a Nasibeko, khutu lija asanalisiye. "Koma muyambe mwawafunsa aphunzitsi anuwa. Aphunzitsi, tanenani pamaso pa anthu. Seveni wa Chingerezi amalowa naye ku yunivesite?"

Maso onse anali pa ine. Ndaphunzitsa zaka makumi atatu, koma funso lovuta ngati limenelo sindinafunsidwepo, chonsecho yankho lake ndinkalidziwa bwinobwino.

"Salowa naye," ndinatero.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Chimbalanga.

"Salowa naye, bambo. Pamafunika kirediti. Ayenera kulembanso Chingerezi, ndipo kulembetsa kutsekedwa Lachisanu likubwerali."

A Chimbalanga sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kapepalaka munakaona, aphunzitsi?"

"Ndinakaona."

"Nanga mumati mutiuza liti?"

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawaiwale mpaka lero.

Apo m'pamene a Nasibeko anasiya khutu lija. Mwandida ankalira, koma sikuti ankalirira khutu. Anafunsa akusisima kuti, "Bwanji simunangondiitanira kumbali, amayi?"

"Kumbali ukanati ndi nsanje, amako akanati ndi nsanje, Lachisanu n'kudutsa," anatero a Nasibeko. Anatembenukira kwa anthu. "Nonsenu mumamudziwa mwana wanga Yotamu, uja amapalasa kabaza pasiteji. Mumati anakanika sukulu. Sanakanike! Anakhoza ngati mwana uyu, ku sukulu yogonera komweko, ndipo anabwera ndi seveni yemweyu. Inenso ndinaphika thobwa. Ena a inu munamwa, ophunzira enieni, munagwira kapepala kake n'kunena kuti zikomo kwambiri, mayi, mwabala. Tinadikira mayina, dzina lake panalibe. Tinati mwina chaka chamawa. Panalibenso. Anachita kukwera basi yekha kukafunsa, munthu wa mu ofesi n'kumulozera ndi chala pamene panalakwika. Pobwera anali atatheratu mtima. Mabuku anawotcha, n'kukwatira. Ndiye ine ndione seveni yemweyo m'manja mwa mwana wina, ndikhale chete chifukwa cha nkhuku?"

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, nyama ikadali m'mbale.

Lolemba m'mamawa a Chimbalanga sanatsegule shedi yawo. Anavala jekete la kutchalitchi, napita ndi Mwandida kukalembetsa dzina lake. Ine, pofuna kuchotsa manyazi, ndinapempha mnzanga wophunzitsa Chingerezi kuti azimuthandiza Loweruka lililonse. Koma sukulu yeniyeni inali pabenchi la tomato. A Nasibeko ankasunga nyuzipepala zakale zokulungira malonda, ndipo masana aliwonse ankamukhazika Mwandida pambali pawo.

"Werenga mokweza!"

"Koma amayi, mukumva zimene ndikuwerengazi?"

"Sindikumva kanthu, koma ukapunthwa ndimadziwa. Bwereza pomwepo!"

Chaka chinali chachitali kwa Mwandida. Anzake ena ankamuseka kuti injiniya wagwera pa tomato, ndipo masiku ena ankafika pabenchipo maso atatupa. Koma mayeso atafika analemba, ndipo Chingerezi chinatuluka folo. Anadzaza fomu yake, ulendo uno titawerenga limodzi mzere uliwonse wa zofunika, kawirikawiri mpaka kutopetsana. Mayina atatuluka, lake linalipo.

Tsiku lonyamuka kunalibe mbuzi, kunalibe wailesi. Anthu ochepa tinasonkhana pabwalo paja kudzatsanzikana naye. Amene anabwera kudzanyamula sutikesi yake kupita nayo kusiteji anali Yotamu. Anaimanga bwinobwino pakaliyala ndi malamba a mphira, akuyesa mfundo iliyonse kawiri. Atamaliza anati, osamuyang'ana, "Mlongo, ukakafika ukandionereko mmene mulili m'makalasi mwakemo. Udzandiuze pa holide."

A Chimbalanga atamva zimenezo anavula chipewa. Anapita pamene anaima a Nasibeko, nagwada pa dothi, bambo wamkulu ndi imvi zake, nanena mokweza kuti tonse timve: "Anthu ambiri anadya mbuzi yanga, ndipo onse anandiuza zokoma. Koma mnansi wanga ndi uyu, amene anatsina khutu la mwana wanga."

Mawu amenewo anayenda pamsika ponse, anakwera mabasi, anafika kutali. Poyenda anafupika, monga amachitira mawu, mpaka anatsala mmene mukuwadziwira lero: wakutsina khutu ndi mnansi.

Tanthauzo lake ndi ili. Munthu amene amakuchenjeza nthawi ikadalipo, ngakhale mawu ake awawe, ngakhale akuchititse manyazi pagulu, ameneyo ndiye wakufunira zabwino. Unansi si kuyandikana nyumba kokha, si kudyera limodzi, si kusekerera. Wokuyamikira saluza kanthu; wokuchenjeza amaika dzina lake pa moto chifukwa cha iwe. Choncho wina akadzakuuzani kuti phunziro ili simukulilimbikira ndipo popanda ilo simukalowa kumene mukufuna, musadzathamangire kunena kuti ndi nsanje. Mudzafufuze zimene a ku yunivesite amafuna musanavine. Ndipo inu mukadzaona cholakwika papepala la mnzanu, mudzanene tsiku lomwelo, osati Lolemba.

Mwandida khutu linamupweteka masiku awiri okha. Yotamu panalibe womutsina. Akupalasabe njinga pasiteji paja, tsitsi layamba kuyera, ndipo akandipatsa moni ndimayankha maso ali pansi.