Mazira mu Rediyeta ya a Rodrick

M'mawa uliwonse pansi pa vani ya a Rodrick pankapezeka kachithaphwi ka madzi obiriwira. Galimotoyo inkanyamula anthu ndi katundu pakati pa Mlonyeni ndi boma, ndipo mwini wake anali atatopa nayo ngati dzino lobowoka. Ankangothiramo madzi a m'chigubu n'kunyamuka.

Ukwati wa mwana wawo Luwiza utayandikira, akazi awo anawakakamiza kupita kwa Kwacha, makaniko wa pa boma. Kwacha analiza injini mpaka itatentha, nayendetsa chala m'mapaipi onse. Rediyeta sinkadontha. Madzi ankatuluka pa kathanki kapulasitiki kosungira madzi, kamene kanang'aluka pamsoko, mng'alu wotseguka pokhapokha injini ikatentha.

"Bambo, kathankika katha ntchito. Ndiitanitse kena ku Chipata, mawa kafika."

"Iwe Kwacha, chiwongolero ndinachigwira usanabadwe," anayankha a Rodrick mosafuna n'komwe kukangana. "Dzira laliwisi limatseka zimenezi."

"Dzira limagwira pa rediyeta, osati pa pulasitiki."

Koma a Rodrick anali nkhutukumve. Atafika kunyumba anaswera mazira awiri mu rediyeta, nawonjezera fodya wopera, monga ankachitira madalaivala a ku esiteti kale. Kudontha kunachepadi, bambowo n'kumati athana nazo.

Loweruka la ukwati, vani itavekedwa maliboni, inanyamula mkwatibwi ndi aperekezi ake kulowera ku tchalitchi cha Ludzi. Koma mazira aja anali atatseka njira za madzi. Pachikweza china chafumbi kathanki kanaphulika, nthunzi ili tolotolo, injini n'kuzima. Msewu wonse unali zii.

Luwiza sanalire. Anakwinya diresi lake loyera, nakwera pamodzi ndi aperekezi ake ngolo ya ng'ombe imene inkachokera kotula manyowa.

"Ababa, tsalani ndi galimoto yanu," anatero chapansipansi.

Vani yodzaza mphatso sikanasiyidwa yokha patchire. A Rodrick anakhala pamwala atavala suti, dzuwa likuwaswa, pamene mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi ankalumbira kuguwa popanda bambo womupereka. Zinawawawa mpaka m'mafupa.

Lolemba Kwacha anabwera ndi kathanki katsopano. Anatsuka rediyeta, namanga kathankiko, nathira madzi, ntchito yosatenga n'theka la m'mawa lomwe. Sanawanyoze a Rodrick, ndipo iwo sanadzutse mutu. Galimoto inalira bwinobwino, koma ukwati sachita kawiri. Akuluakulu sananame: samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.