Mkhalapakati Wodya Mbali Ziwiri

Inu amene mukukayika kuti ine Nachisale, wa Folomu Folo yonse, ndingadziwe za Ayuda, khalani pansi mumve. Iwo amaphunzitsa kuti wokonda mtendere amapita kwa odana, aliyense payekha, n'kumuuza kuti mnzake akumva chisoni. Gologolo anazimva zimenezi m'mimba muli pululu.

Nyani ndi Nguluwe anali atakangana za malire a munda, mwezi wathunthu osapatsana moni. Gologolo anafika kwa Nyani nkhope ili khuma.

"Bwana, a Nguluwe sakudya. Akuti, 'Mbale wanga ndinamulakwira, ndikamuyang'ana bwanji?'"

"Chimphuno uja wanena zimenezo?"

"Misozi ili mbwe! Atumizireniko kachimanga, adziwe kuti mulibe nawo chakukhosi."

Nyani anathyola chimanga. Gologolo anakachidyera kuseri kwa chulu, napukuta pakamwa, ulendo kwa Nguluwe.

"Bwana, a Nyani manyazi awagwira mpaka kumbuyo kwafiira."

Nguluwe anaseka chikhakhali, nakumba mtedza woti akampatse mnzakeyo. Nawonso unathera kuchulu.

Kawiri, katatu, masaya a Gologolo anayamba kusalala. Anaiwala kuti mtima ukafewa umadziyendera wokha. Tsiku lina m'mawa ali pamalire paja, anangoona Nyani uku, Nguluwe uku.

"Achimwene," anatero Nyani modzitukumula, "pukutani misozi. Ndakukhululukirani."

"Misozi yanji? Wokhululuka ndine! Mtedza wanga unakoma?"

"Mtedza uti? Nanga chimanga changa?"

Maso anayi anatera pa Gologolo.

Liwiro! Analowa kuuna, Nguluwe nayamba kukumba.

"Tsekani kubowo uko, achimwene!"

"Ndili pompo, mbale wanga!"

Gologolo anatulukira pakati pa miyendo ya Nyani, nasiya ubweya wa kumchira m'manja mwake, n'kukakhala pansonga ya kanthambi kosapirira nyani.

"Tadzimverani nokha!" anafuula akupuma wefuwefu. "Dzana osalonjerana, lero achimwene, mbale wanga! Ntchito ndagwira ine. Kodi mkhalapakati aziyenda ndi njala?"

Awiriwo anamutukwana pamodzi mpaka mawu kusasa, kenako anapita limodzi kukamwa madzi.

Nthanoyi ndinawakambira alamu anga awiri amene ankadana chifukwa cha mbuzi yodya mbewu. Anaseka, anagwirana chanza. Ine ndinapindulapo thadzi limodzi lakuda kwa mlamu uyu, ndi chitenje chimodzi kwa winayo, chomwe ndavalachi.