Chimangirizo cha ndege

Pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi kwa Dzoole panali nyumba imodzi yamalata yopanda munthu, ndipo aphunzitsi awiri a Chingerezi ankaiponyera diso. Ahedi anagamula mwachidule: amene ana ake a Sitandade 8 akhoze bwino mayeso oyeserera a kuzoni, nyumbayo ndi yake. A Bryson, mmodzi wa aphunzitsiwo, amene ankapalasa njinga zitunda zitatu m'mawa uliwonse, anailumbirira.

Anakhala pansi n'kulemba chimangirizo chonona, cha ulendo wa pandege wopita ku Joni, mawu ake ataliatali othyola lilime. Analamula kalasi yawo kuti ichiloweze mpaka mpumiro womaliza. Ana ankachiimba ngati nyimbo ya kwaya.

Kalasi inayo inali ya mayi Rakele. Iwo ankangopereka mawu asanu patsiku. Ankatengera ana kuchigafa cha fodya kapena kumjigo, mwana aliyense agwire chinthu, achitchule m'Chingerezi, alembe ziganizo ziwiri zakezake, ngakhale zopindika.

"Mayi, ndi mayendedwe a birimankhwe amenewa mufika liti?" anawaseka a Bryson.

"Bambo, ana anuwo ndegeyo anaionapo?"

"Oyesa mayeso safuna kuona ndege. Amafuna mawu."

Tsiku la mayeso funso linali lakuti: fotokozani tsiku la msika kwanu. Ana a mayi Rakele analemba za tomato, kaunjika ndi mbuzi yothawa, m'Chingerezi chopunduka koma chomveka. Ana a bambo Bryson anaunguzaunguza, kenaka onse makumi anayi ndi awiri anakwera ndege. Wanzeru mmodzi anayamba ndi chiganizo chakuti anapita kumsika, chachiwiri anali kale m'mitambo akulandira chakudya.

Ochonga mayeso anaseka mpaka misozi, akupatsirana mapepala. Atabwera nawo, ahedi anawayala patebulo.

"A Bryson, mudzi wonse unapita ku Joni tsiku limodzi, ife osatitsanzika?"

A Bryson anachita manyazi osasimbika, koma chinawapweteka kwambiri n'chakuti ana aja anawakhulupirira. Loweruka lake a Bryson anathandiza kutsitsa mipando ya mayi Rakele pangolo, kunyumba yamalata ija. Lolemba anakankha njinga yawo pa zitunda zomwe zija, m'thumba muli kapepala ka mawu asanu.

Paja akuluakulu anati kuthamanga si kufika.