Mkonono wa Adzatopa

Kalekale, koma osati kale loti wina angandiuze kuti waiwala, ku Thyolo kunali mkulu wina dzina lake a Chikakuda. Anagwira ukhukhi zaka zambiri kwa mzungu wa pa esiteti ya tiyi. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galu wamng'ono wa nkhope yophwatalala, mphuno yolowa m'kati ngati anaomba khoma akuthamanga. Anthu ankaseka. "Agalu atha kodi, achimwene, kuti muziweta chule?" A Chikakuda anangomutcha galuyo dzina loti Adzatopa, kunena oseka aja.

Agalu a mtundu umenewu amapuma movutikira. Mphuno ndi zothina, kummero nako n'kopanikizika, choncho Adzatopa ankaliza mkonono ngakhale ali maso. A Chikakuda ankaudziwa mkonono uliwonse, wokhuta, wotopa, ndi wina woipa umene ankati ukaumva usiye chilichonse chimene wagwira. Ankakonda kunena kuti, "Ndikadzafa, galu uyu adzamutenge ndi amene adzasunge mpweya wake."

Mkulu ameneyu anali bambo anga. Ine ndinali kuganyu ya fodya ku Kasungu, koma abale anga atatu anali pakhomo: achimwene a Malizani, achemwali a Ndaziona, ndi mng'ono wanga Tsalani. Tsiku lina masana bambo anagona pamkeka pakhonde, nayamba kuliza mkonono waukulu umene sanaulizepo. Onse atatu anaumva. Anauzana kuti, "Asiyeni apume." Dzuwa likupendeka, bambo anali atasiya kupuma. Ine ndinapeza manda atafotsera kale.

Patapita miyezi inayi, dzino la Adzatopa linawola, tsaya n'kutupa. Panafunika kumugoneka ndi mankhwala kuti alizule.

A Malizani amayendetsa lole. Anthu anawauza kuti angoitana munthu wina wa pamsika amene amafula agalu, abaye jakisoni, azule, zithe. Iwo anakana. "Ameneyo ali ndi mpweya wa m'botolo? Ali ndi kapaipi ka kummero? Ayi, ndikupita naye kwa dokotala wa ziweto ku Blantyre." Unali mwezi wa Okutobala, kotentha koopsa. Ali m'njira, lilime la galu linayamba kuda, akupuma ngati pampu yobooka. A Malizani anaimitsa lole pansi pa mtengo, anamasula unyolo wa m'khosi, anamuthira madzi awo akumwa pamimba ndi m'miyendo, n'kumupepesera ndi katoni mpaka lilime linafiiranso. Akanapitiriza ulendo, akanafika ndi mtembo.

Atafika, dokotala, mayi wamfupi wolankhula mosazungulira, anafunsa, "Ndinakuuzani pafoni kuti asadye chilichonse m'mawa. Sanadye?"

"Sanadye," anatero a Malizani, ndipo ankakhulupirira zimenezo.

Koma kwathu munthu sanyamuka ulendo wa kuchipatala m'mimba mulibe kanthu. Azakhali athu, amene anakwera nawo lole ija pamodzi ndi a Ndaziona ndi Tsalani, anali atamupatsa galuyo zitumbuwa ziwiri kuseri kwa khitchini kuti akhale ndi mphamvu. A Ndaziona anaona. Azakhali anawatsinzinira diso kuti akhale chete, ndipo inu mukudziwa tanthauzo la kuulula mlongo wa bambo ako pamaso pa mlendo.

"Adokotala, wadya," anatero a Ndaziona. "Azakhali amupatsa zitumbuwa."

"Iwe mwana, ukundivula pagulu chifukwa cha galu?"

"Pepani azakhali, mukanditukwane kunyumba."

Dokotala anabweza jakisoni patebulo. Anati galu wotere akagonekedwa atakhuta amabweza chakudya, n'kulowa m'mapapo. Anawauza kuti adikire mpaka m'mimba muphwe. Mpaka lero azakhali sayankha moni wa a Ndaziona.

Masana dokotala anamupumitsa kaye galuyo mpweya wa m'botolo, anamugoneka, anamulowetsa kapaipi kummero, n'kuzula dzino. "Galu wa nkhope iyi kumugoneka n'kosavuta," anatero. "Ntchito ili pomudzutsa." Anasiya kapaipi mpaka Adzatopa atayamba kukatafuna, kenako anakachotsa, namugoneka chafufumimba, khosi litawongoka. Nthawi yomweyo kunja kunafika anthu atanyamula galu wogundidwa ndi galimoto. Dokotala anati, "Mumuyang'ane. Chikasintha chilichonse mundiitane," n'kuthamangira uko.

Adzatopa anayamba kuliza mkonono. A Malizani anaseka. "Mwamumva? Wabwerera mwakale mkuluyu."

"Wavutika," anatero a Ndaziona. "Musiyeni apume."

Tsalani, amene chimwalirire bambo sankalankhula kwenikweni, anaimirira mwadzidzidzi mpaka mpando unagwa. Anali ataumvapo mkonono umenewo pakhonde paja. Anatsegula kukamwa kwa galu, anakoka lilime kulitulutsa, nakuwa mpaka anthu a panja anatembenuka: "Adokotala! Sakupuma uyu! Akutsamwa!" Dokotala anabwera akuthamanga, anaona nkhama zitada, anabwezera kapaipi kaja, n'kukhala pambali pake osachokanso mpaka galuyo ataima ndi miyendo yake.

Adzatopa anachira. Ndipo mkangano woti galu atenge ndani unayamba asanatsike n'komwe mu lole.

A Malizani anati, "Popanda ine akanafera pamsika kapena pamsewu. Ndani anamufikitsa wamoyo?"

A Ndaziona anati, "Kufikitsa n'chiyani, achimwene? Munanena nokha kuti sanadye. Ine ndataya azakhali chifukwa cha iye."

Tsalani anati, "Nonse awiri munali pompo, wina akuseka, wina akuti apume. Ndinamva ndine."

Atalephera kugwirizana anandiitana ine, amene ndinalekezera sitandade sikisi, amene pa nkhani zonse za pamaliro sanandifunsepo kanthu. Akuti ndigamule, poti sindinalipo ndiye sindikondera. Zoona, sindinalipo. Ndikanakhalapo masana aja bambo atagona pakhonde, sindikanakhala ndikulemba za galu. Ndinawayang'ana onse atatu, anthu amene anaimitsa lole, amene ananyoza azakhali, amene anakuwa m'chipatala cha eni, zonsezi chifukwa cha galu, pamene bambo awo anawasiya pamkeka osawagwedeza ngakhale phewa. Amati sankadziwa. Mwina. Koma makutu amene anamva mkonono wa Adzatopa ndi omwewo.

Ndinatenga chingwe cha galu, n'kupita naye kunyumba kwanga. Ali pano, wagona pamapazi anga, ndipo ndikalemba mzere umodzi ndimaima kuti ndimumvetsere. Abale anga akuti ndaba. Anene. Mawu a bambo sindingawaphwanye, galu ndidzamupereka ndithu kwa amene anasunga mpweya wake, koma pakamwa panga sipatuluka dzina.

Ndiye inu amene munkaseka chule wa a Chikakuda, inu amene munadya pamaliro awo n'kumandiuza kuti ndilimbe mtima, lero gwirani ntchito. Wina anamufikitsa wamoyo, wina ananena zoona zimene zinamudanitsa ndi azakhali, wina anazindikira mkonono chifukwa anali ataphonya woyamba. Pa atatuwa, amene anasunga mpweya wa Adzatopa ndani, woti ndimupatse chingwechi?